Chiwindi cha Lachinayi

Bambo Custódio mukawapatsa mowa sankathamangira kumeza. Ankayamba aununkhiza, kenako kuusunga m'kamwa ngati mankhwala a dzino, ndipo pomaliza ankakuuzani tsiku limene unaphikidwa ndiponso ngati wophikayo anali atayambana ndi mwamuna wake. Luso limeneli analitenga ku Cuamba nkhondo isanafike, pamene ankaperekera zakumwa m'chipinda chodyera cha pa siteshoni ya sitima. Zaka zisanu ndi ziwiri za ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi zinawalanda nyumba, mkazi ndi mano atatu, koma lilime linabwerako lili lamoyo.

Sabata imeneyi lilimelo linali ndi ntchito yolemetsa. Mwana wawo Benedita, namwino wa pa kachipatala kena kufupi ndi Itepela, anali m'chitokosi cha apolisi ku Ngauma. Firiji ya palafini yosungiramo katemera, imene kuno amati jeleira, inali itasowa masabata awiri apitawo, Lamlungu masana, iye atapita kumudzi wina kukachiritsa mayi woyembekezera. Loko wa pachitseko cha chipinda chake sanathyoledwe. Wakubayo anatsegula bwinobwino, n'kutsekanso bwinobwino, katemera n'kukamutaya m'tchire. Apolisi anati nkhaniyo ndi yosavuta: kiyi amakhala m'khosi mwa namwino, ndiye kuti namwinoyo anabwereketsa. Benedita anawauza kuti lokoyo anabwera ndi makiyi awiri, wachiwiri anasowa kalekale. Iwo anangoseka. Jeleira ikapanda kupezeka, Lachisanu amutengera ku khoti ku Lichinga.

Chimene apolisi sankadziwa n'chakuti kiyi wachiwiriyo sanasowe yekha. Anamutola ndi Bambo Custódio, n'kumumangirira ku ulusi wofiira. Loweruka lililonse mwana wawo akatembenuka, ankalowetsa mabotolo awiri kuseri kwa mabokosi a katemera. Awiri okha. Ndiye paulendo wa ku Cuamba mwezi wathawo, atamwa malo atatu osiyana, anafika kunyumba m'khosi mulibe kanthu. Sanauze munthu aliyense, chifukwa manyazi anawakulira kuposa mantha.

"Jeleira yobedwa sipita ku tchalitchi, imapita ku mowa," anauza wapolisi wina dzina lake Gildo. "Malo ndikudziwa atatu, tiyeni tiyende. Inu muziyang'ana, ine ndizilawa."

Gildo anali munthu wowonda, wosataya mawu. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakavula yunifolomu n'kuvala malaya wamba.

* * *

Anayambira kwa Ivone Lolemba, m'mbali mwa msewu pa Itepela pomwepo. Malo ake anali mthunzi wa mtengo wa mango, mipando yake mabokosi akale a zipolopolo, ndipo kabanga, mowa wa gaga ndi shuga, ankatungidwa m'mgolo wodula pakati. Chotsitsira chinali chinangwa chootcha ndi tsabola wopweteka mpaka m'makutu.

Bambo Custódio analawa n'kutsinzina.

"Wa dzana uwu. Ndipo mwaubatiza."

"Aaa, tamverani!" Ivone anawomba m'manja. "Mukamwa waulere mumangoti zii, lero mwabwera ndi mlendo mwayamba ukatswiri! Madzi ake ati? Chitsime chinauma!"

Gildo anamufunsa za Lamlungu lija. Ivone sanachite kukokedwa.

"Ndinaiona ndi maso angawa! Lole yobiriwira inaima pomwe mwakhalapo, jeleira ili pamwamba, yomangidwa ndi zingwe. Ndipo anathandiza kukweza ndi amuna a m'mudzi mommuno. Munthu wavala gauni loyera, kiyi ali m'manja, Chipwitikizi chikungotuluka, ndani angamufunse? Masiku ano magalimoto a mabungwe akubwera daily daily, kutsitsa zinthu, kutenga zinthu. Ife timangoti zikomo."

"Nkhope yake?"

"Sanatsike pano. Chipewa mpaka pamphuno. Anatuma dalaivala chikho chimodzi, kenako n'kumutumanso mchere. Mchere, bambo! Mowa wanga wasanduka ndiwo?"

Chikho cha Bambo Custódio chinaima m'malere. Padziko lonse ankadziwa munthu mmodzi yekha wothira mchere mu kabanga, chizolowezi cha ku msasa kumene mowa unkawawa ngati khungwa. Anali Abílio, mwini baraka, kanyumba ka mowa ndi chakudya pa Mandimba, yemwe anawathandiza kukumba manda a mkazi wawo ndi khasu lobwereka.

"Mukumudziwa?" anafunsa Gildo.

"Okonda mchere ndi ambiri," anayankha, n'kumeza mowa wobatizidwawo osadandaulanso.

* * *

Lachiwiri anakwera lole ya chimanga yopita ku Cuamba. Pa Mandimba inaima nthawi ndithu, anthu akutsika kukagula nthochi, ndipo baraka ya Abílio inkaoneka patsidya pa msewu ndi utoto wake wabuluu. Bambo Custódio anatanganidwa ndi kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Mumtima ankapempha kuti wakubayo akapezeke ku Cuamba, akhale munthu wachilendo woti angathe kudana naye momasuka.

Anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'mano. Kwa Dona Natália, kuseri kwa nyumba za anthu a njanji, kunali ngati dziko lina. Pansi panali pa simenti yofiira yopukutidwa, wailesi ikuimba motsika, ndipo pakona jeleira yamagetsi inkang'ung'udza ngati mphaka wokhuta. Nkhuku ya piripiri inabwera itapsa mpaka pafupa, mandimu ali pambali. Botolo linafika likutuluka thukuta, ndipo Bambo Custódio analigunditsa patsaya asanamwe.

"Uwu ndiye mowa. Koma nkhuku mwaiumira mafuta, Dona."

"Mafuta akudula, Sinyoro Custódio, ndipo inu simunasinthe."

Gildo anadzuka n'kukayang'ana kuseri kwa jeleira, kenako anasuzumira m'chipinda chosungira makreti. Dona Natália, mayi wonenepa wa ndolo zazikulu, anagwira m'chiuno.

"Meu Deus! Ndinu apolisi eti? Jeleira imeneyo anagula ndi malemu bambo anga, woyendetsa sitima. Ine ndili ndi magetsi, ya palafini ndiitani, utsi wake umenewo? Funsani anzanuwa. Si iwowa amene ankatinyadira pano mwezi watha? 'Ine ku Itepela kutchire ndimamwa wozizira kuposa wanuwu.' Mpaka kupisa dzanja m'malaya kutulutsa ka..."

Botolo linagubuduka patebulo, mowa n'kukhuthukira pa miyendo ya Gildo. Bambo Custódio anapepesa kambirimbiri, akupukuta ndi chipewa chawo.

"Unali mowa umene unkalankhula tsiku lija, Dona."

"Kaya." Dona Natália anabweretsa kansalu. "Koma amene wandidabwitsa ndi Abílio wa pa Mandimba. Lachitatu lililonse ankaitanitsa madzi oundana, thumba lathunthu lokwirira m'utuchi, ndimakweza pa lole ya m'mawa. Masabata awiri tsopano, zii. Kutentha kwa mwezi wa khumi kumeneku! Kaya anthu a pa Mandimba ayamba kumwa tiyi."

Gildo anafinya mwendo wa thalauza lake pang'onopang'ono.

"Pa Mandimba tadutsapo lero, bambo. Simunatsike." Anawayang'ana m'maso. "Chigawo chonse cha Niassa ndi malo a mowa okhaokha, koma inu munandiuza atatu. Wachitatu ndi wa ndani?"

* * *

Lachitatu lonse linathera panjira, lole itaphulika tayala kawiri. Kwa Abílio analowa Lachinayi masana, litatsala tsiku limodzi.

Baraka ya Abílio inali yogawa pawiri ndi mphasa. Kutsogolo kunkadyera amalonda, ambiri a iwo Ayao ochokera ku Chiponde ndi njinga zawo za katundu, ndipo kumbuyo n'kumene kunkakhala amowa. Pakhomo panali chikwangwani cholembedwa ndi utoto wofiira: NYAMA YATHU AMAZINGA NDI A IBRAHIMU. Pa Mandimba popanda mawu oterowo simungagulitse ngakhale fupa, chifukwa Msilamu sadya nyama yophedwa ndi munthu wamba. Amalonda anayi anali atakhala kale, mbale za mpunga zili patsogolo.

"Kompadre!" Abílio anatuluka manja ali m'mwamba, munthu wamfupi wa mawu okoma ngati uchi. "Kompadre wanga, m'bale wanga! Za mwana wathu Benedita ndamva. Ine chakudya sichikulowa, ndikukuuzani. Mwana amene ndinamunyamula ndi manja awa! Dziko laipa, kompadre. Khalani, khalani. Awa ndi ndani?"

"Mnzanga wa paulendo."

Anawakhazika kumbuyo kwa mphasa. Malowo anali bwino, osesedwa, koma panali bata lachilendo. Amuna awiri amene ankamwa pakona anabisa mabotolo awo pansi pa benchi alendowo atangolowa. Abílio anabwera ndi mabotolo awiri, n'kusolola chotsegulira chimene chinali pa mulu wa makiyi a m'lamba mwake. Pakati pa makiyiwo panalendewera kachidutswa ka ulusi wofiira. Munthu wa ku msasa sataya kanthu, ngakhale msomali wopindika. Bambo Custódio anakaona, n'kutembenuzira maso ku botolo lawo.

Mowa unali wofunda ngati mkaka wongokama kumene.

"Pepani, kompadre, madzi oundana andikanika, akudula. Tikumwa choncho masiku ano."

Bambo Custódio anayendetsa chala patebulo. Panali timizere titatu tozungulira ta madzi, tosauma, pamene panakhala mabotolo a anthu ena.

"Botolo lofunda silituluka thukuta, Abílio."

"Aaa, amenewo ndinawanyika m'chidebe! Madzi a pachitsime, kungonamiza pakhosi." Anaseka, n'kupukuta tebulo ndi dzanja la malaya.

Yankholo linali lomveka, ndipo Gildo anayang'ana kumbali. Bambo Custódio anakhala kanthawi, mphuno yawo ikugwira ntchito. Kuchokera kukhitchini kunkabwera fungo la anyezi ndi chinthu china.

"Amalondawo akudyera chiyani?"

Nkhope ya Abílio inawala. Pa mowa ankatha kunama, koma pa kuphika anali ndi matama osabisika. "Chiwindi cha mbuzi, kompadre! Chimene munkachikonda chija. Dikirani mulawe, mukauze a ku Cuamba."

Chinabwera m'mbale yachitsulo, chodula mopyapyala, adyo ndi tsabola zili pamwamba. Bambo Custódio anatenga chidutswa chimodzi. Chinali chofewa, chofiirira m'kati, chotsekemera, chopanda mchere wambiri wobisira fungo ndipo chosaona utsi ngakhale pang'ono. Chinali chiwindi chokoma kuposa chilichonse chimene anadyapo chichokereni ku Malawi, ndipo chinawapweteka mtima kwambiri. Mnzawoyo anakumbukira kubisa kuzizira kwa mowa, koma nyama anaiiwala.

"Mbuzi ya liti imeneyi?" anafunsa mokweza, kuti a kuseri kwa mphasa amve.

"Ya m'mawa uno! Simukumva pakamwa?"

"Wazinga ndani?"

"A Ibrahimu, nanga ndani winanso?"

Gildo anali atadzuka kale kukawaitana. A Ibrahimu ankasoka zovala pakhonde la sitolo patsidya pa msewu, ndipo anabwera osafulumira, mkulu wa ndevu zoyera, tepi yoyezera ili m'khosi. Anaima pakhomo penipeni, chifukwa malo a mowa sankalowamo.

"Ine ndimazinga Loweruka, tsiku la msika," anatero mofatsa. "Ya a Abílio ndinazinga Loweruka. Yakuda, ya nyanga imodzi. Lero mpeni wanga sunatuluke m'chimake."

Kutsogolo kuja masipuni anasiya kulira. Wamalonda wina, chimunthu cha mapewa otambalala, anakankha mphasa n'kusuzumira, mpunga uli m'manja.

"Che Abílio, ndiye ife tikudya chiyani? Mwapha nokha?"

Apa ndiye Abílio anagwira njakata. Akati wapha yekha m'mawa uno, ndiye kuti wadyetsa Asilamu anayi nyama yosazinga pansi pa chikwangwani chake chomwe, ndipo anthu amenewo sakanamusiyira ngakhale nsanamira imodzi ili chilili. Akati ndi ya Loweruka, mwana aliyense pa Mandimba amadziwa kuti m'mwezi wa khumi chiwindi sichifika Lamlungu madzulo chisanayambe kuitana ntchentche. Amalonda enawo anali ataimirira. Thukuta limene linasowa pa botolo linapezeka pamphumi pa mwini baraka.

"Ndi ya Loweruka!" anakuwa. "Ndi yomweyo yakuda! Walahi, a Ibrahimu, ndi yomwe munazinga inuyo!"

"Masiku asanu," anatero Gildo, akutulutsa chiphaso chake m'thumba. "Tionetseni kumene yakhala ikugona."

* * *

Jeleira inali kuchipinda kwake, yofunditsidwa kapulana, chitenje cha maluwa, pamwamba atakhazikapo wailesi ndi chithunzi cha ukwati. Pansi pake kamoto kabuluu kankayaka mwakachetechete. Pachitseko chake panali chithunzi cha mwana akulandira katemera, chopalidwa ndi mpeni mpaka theka. M'kati munali mwendo wa mbuzi ndi mabotolo khumi ndi awiri a makasitomala odziwa kusunga pakamwa.

Bambo Custódio anapumira m'mwamba. Jeleira yapezeka, mwana atuluka. Anali atayamba kale kubwerera chambuyo kulowera pakhomo pamene Gildo anafunsa funso lotsala.

"Munatsegula ndi chiyani?"

Abílio sanayang'ane wapolisiyo. Anayang'ana kompadre wake, uchi wonse utatha m'mawu.

"Anandipatsa kiyi ndi namwino. Tinagwirizana. Nditamaliza ndinamubwezera."

Maso akewo ankanena zina: tsutsani, tione ngati mutchule kumene kiyi anachokera.

"Chabwino," anatero Gildo. "Ndiye mawa mupitira limodzi ku Lichinga, inu ndi namwinoyo." Anatsamira khoma n'kuyamba kuchotsa fumbi m'zikhadabo, ngati munthu wodikira lole imene akudziwa kuti ibwera.

Bambo Custódio anaganiza za dzina lawo, limene linali chinthu chokhacho chimene anabwera nacho chathunthu kuchokera ku msasa. Anaganizanso za Benedita, amene anaphunzira kubaya jekeseni pa malalanje m'tenti yotentha, akubwerera madzulo kudzawaphikira iwo. Anachita mantha ngati mwana, koma anatambasula dzanja n'kuloza m'lamba mwa Abílio.

"Kiyi uyo wa ulusi wofiira ndi wanga. Ndi wachiwiri uja mwana wanga ankanena. Ndinamubera ineyo, kuti ndiziziziritsa mowa pamodzi ndi katemera wa ana. Mwezi watha ndinaledzera pano, ndinamuonetsa munthu uyu, ndinagona pa benchi iyo. Podzuka m'khosi munalibe kanthu. Benedita sadziwa chilichonse."

Gildo anamasula kiyiyo pa muluwo n'kumuika m'thumba la malaya.

"Ndinadziwa ku Cuamba," anatero. "Munthu woperekera mowa zaka zonse zija sagwetsa botolo. Koma zikanachokera pakamwa panga, akuluakulu akanati ndikungoganiza. Zimafunika zichokere pakamwa panu."

* * *

Anafika ku Ngauma Lachisanu m'mawa, jeleira ili pamwamba pa lole, Abílio atamangidwa ku chitsulo cha kumbuyo. Galimoto ya ku Lichinga inali itaima kale pabwalo. Mkulu wa apolisi anamvetsera, anayesa kiyi wa ulusi wofiira pa loko uja amene apolisi anamusunga ngati umboni, loko n'kutseguka. Anati namwino atuluke, koma mdalayo atsale mpaka nkhani yake ikaonedwe.

Benedita anatuluka atafunda bulangete, kapu yachitsulo ili m'manja, ataonda masaya. Ataona bambo ake anamwetulira n'kuyamba kuwathamangira. Kenako anaona kiyi patebulo, anaona ulusi, n'kuima. Ulusiwo ankaudziwa, unali wa m'kabokosi kake kosokera.

"Mabotolo angati, bambo?"

"Awiri okha, mwana wanga. Loweruka lokha."

"Masabata awiri ndakhala ndikulumbira muno kuti kiyi ameneyo anasowa. Mumabwera kudzandiona pawindo apo, mumandimva ndikulumbira."

Wapolisi anagwira Bambo Custódio pamkono kuwalowetsa m'chitokosi chomwe chija, chitseko chisanatsekedwe n'komwe. Benedita anavula bulangete lija, analipinda bwinobwino monga ankapindira za odwala, n'kuliika m'manja mwa bambo ake. Pamwamba pake anaikapo kapu.

"Madzi a muno ndi ofunda, bambo," anatero. "Muzolowera."

Anatuluka panja kukauza amuna a pa lole kuti jeleira aitsitse choimirira, asaipendeketse.